Udzudzu wa M'chipinda cha Apongozi

Mwezi wathawu, pa ukwati wina kuno ku Dar es Salaam, munthu amene sindimudziwa n'komwe anabwera patebulo pathu, nandipatsa moni waulemu bwinobwino, kenako anatsina mphuno yake n'kuyamba kulira kuti, "Nyiiiiii!" Tebulo lonse linafa ndi phwete. Ine ndinangoweramira m'mbale n'kupitiriza kudya pilau wanga. Ndiye ndaganiza kuti popeza nkhaniyi yafika kale kwa Mmalawi aliyense kuchokera ku Kurasini mpaka ku Mwenge, ndipo aliyense akuithira nsinjiro zakezake, bola ndiinene ndekha mwini wake. Sikuti ndituluka woyera ayi. Ndikungofuna mudziwe kuti zonse zinayamba ndi ulemu.

Ndinabwera mumzinda uno ngati anzanga ambiri, kuthamangira malonda a kudoko. Ndinkaperekeza katundu wa anthu wopita kumudzi, mpaka zinthu zinasokonekera (imeneyo ndi nkhani ina yochititsa manyazi payokha, tiisiye kaye). Ndinakhala pakhomo miyezi ingapo ndikungosuntha mpando kutsatira mthunzi. Mayi a Mphatso, mkazi wanga, anatopa kundiona, ndipo anapita kukandidandaulira kwa mkulu wawo, alamu anga a Tadala.

Alamu angawa ndi anthu ophunzira kwambiri. Nthawi imeneyo anali m'chaka chachinayi cha maphunziro a udokotala pa yunivesite ina mumzinda muno, osati udokotala wobaya anthu jakisoni, koma wa za udzudzu. Anandiitana kunyumba kwawo ku Kimara n'kundifotokozera ntchito. Akuti kale, kuti udziwe mtundu wa udzudzu, unkayenera kuugwira, kuupha, kuuika pagalasi, munthu wamkulu wandevu n'kumauwerenga mawanga a m'miyendo tsiku lonse. Masiku ano kuli makina anzeru, amene akungoti AI aja. Iwo amangomvetsera kulira kwake. Mtundu uliwonse wa udzudzu uli ndi liwu lake, ndipo makinawo anamvetsera kale udzudzu wosawerengeka wa m'maiko ambirimbiri. Ukawamvetsera watsopano amakuuza pompo kuti uwu ndi wa malungo, uwu ndi wongosokosa.

"Ntchito yake ndi yosavuta, alamu," anatero. "Koma ndakuikirani kumbuyo kwa Profesa. Ndawauza kuti ndinu munthu wokhulupirika. Musandichititse manyazi."

Ndinalumbira pali Mulungu.

Ntchitoyo inali iyi. M'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, ndiziyenda nyumba khumi ndi ziwiri za ku Kimara. Ndikafika ndizilowa kuchipinda chogona, kuunika ndi tochi kuseri kwa bedi kumene udzudzu umapumula ukakhuta, kuuyamwa ndi kapaipi (eya, kuyamwa ndi pakamwa, ndipo sabata yoyamba ndinameza utatu chifukwa ndinaiwala kuika kansalu kotchinga), kuuthira m'kapu yotseka ndi neti, n'kuyandikitsa foni kuti ijambule kulira kwake. Foni ikaonetsa kachizindikiro kobiriwira, ndiye kuti mawuwo alandiridwa, apita kumakina. Ikaonetsa kofiira, ndiye kuti wajambula zina, mwina tambala kapena njinga yamoto ya bodaboda. Ukamaliza, udzudzuwo umaupha n'kupita nyumba ina.

Tsono nyumba zimenezi sanasankhe ndi munthu. Inasankha ndi kompyuta, itayang'ana zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kuona kumene kuli ngalande ndi zithaphwi. Ndipo abale inu, pa nyumba zonse za ku Kimara, zimene zadzaza mapiri ndi zigwa zija, kompyutayo inasankhaponso nyumba ya alamu anga enieniwo. Pa ndandanda inali nambala naini. Chipinda chimene chinalembedwa chinali chakumbuyo, choyang'ana kungalande. Ndipo m'chipinda chimenecho munkagona apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzaonetsa bondo kuchipatala n'kungokhaliratu.

"Alamu," ndinatero, "chipinda cha amayi?"

"Eya. Muli udzudzu wambiri mmenemo."

"Ine ndilowe kuchipinda kwa apongozi? Ndigwade, ndisuzumire kunsi kwa bedi lawo ndi tochi?"

Alamu sanadzutse n'komwe mutu pakompyuta yawo. "Alamu, sayansi ilibe apongozi."

Inu a m'tauni mwina simungamvetse. Kwathu, ine ndi apongozi tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zaka khumi ndi chimodzi za banja langa sindinawayang'anepo m'maso. Akafuna kundiuza chinthu amauza khoma, ine n'kuyankha chitseko, ndipo timamvana bwino kwambiri. Tsono munthu ameneyu ndiye akuti akatsegule chipinda chawo, akasunthe nsapato zawo.

Tsiku loyamba ndinafika pa nambala naini cha m'ma sikisi. Alamu anali atanyamuka kale, popeza amathamangira basi yothamanga ya mwendokasi mzere usanatalike. Ndinaodira. Apongozi anali pamkeka pakhonde, atatambalala chifukwa cha bondo lija. Anatembenukira kukhoma.

"Tadala ananena kuti kubwera anthu a udzudzu," anauza khomalo. "Sananene kuti ndi abambo a Mphatso. Tiyi ali patebulo."

Ndinathokoza chitseko, n'kumwa tiyi. Kenako ndinalimba mtima, ndinayenda mpaka pakhomo la chipinda chija, n'kugwira chotsegulira. Chitseko chinangosuntha pang'ono. Ndinaona mpango wawo uli pamsomali, ndi pitikoti atayanikidwa pamutu pa bedi. Ndinabwerera chafutambuyo, kutuluka panja, kuzungulira kuseri kwa nyumba kumene kuli thanki ya madzi, ndipo ndinalemba pafomu kuti: palibe udzudzu.

Ndinalemba chimodzimodzi masiku atatu. Lachinayi madzulo alamu anaimba foni.

"Alamu, m'nyumba mwanga mulibe udzudzu? Amayi amadandaula tsiku lililonse kuti akulumidwa. Mukugwira ntchito kapena mukungomwa tiyi?"

Tsono apa munthu wanzeru akanatenga udzudzu wa pa nambala eyiti, n'kuyenda nawo m'kapu, kukaujambulira pa nambala naini. Likanakhala bodza ndithu, koma bodza laling'ono, lokhala ndi mapiko enieni. Ine nzeru imeneyo inandibwerera patatha miyezi iwiri, ndili m'bafa.

Chimene chinandibwerera m'mawa wa Lachisanu, nditaima kuseri kwa thanki, n'chakuti ine ndine woimba. Ndimaimba tenala mu kwaya ya Amalawi kutchalitchi kwathu, ndipo sindikudzitama, nyimbo ikafika pokwera anthu amayang'ana ine. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinayandikitsa foni pakamwa, n'kuyesa.

"Nyiiii."

Kofiira.

Ndinatsina mphuno. Kofiira. Ndinatsina mphuno, kulumanitsa mano, lilime kulikanikiza kumwamba. Kofiira, koma kanachedwako pang'ono, ngati makinawo akuganiza. Apa mtima wa mpikisano unandigwira. Ndinatsina mphuno, kulumanitsa mano, kukweza nsidze, kutsinzina, n'kuimirira ndi zala za kumapazi.

"Nyiiiiiiiiii."

Kobiriwira!

Ndikuuzeni zoona, chimene ndinamva sichinali manyazi ayi. Chinali chimwemwe. Makina amene anamvetsera udzudzu wa dziko lonse lapansi, opangidwa ndi anthu a madigiri, avomereza kuti ine mwana wa ku Ntcheu ndine udzudzu. Tsiku limenelo ndinajambula udzudzu usanu.

Kuyambira pamenepo ntchito inakoma. Nyumba khumi ndi imodzi ndinkagwira ntchito moona mtima, kukwawa kunsi kwa mabedi a eni ake, kuthamangitsidwa ndi agalu, kufunsidwa ngati ndili ndi mankhwala a nsikidzi. Ndikafika pa nambala naini ndinkamwa tiyi, kuthokoza chitseko, n'kupita kuthanki. Ndinafika poyamba kukometsera. Tsiku lina ndinkaimba udzudzu wanjala, wothamanga. Tsiku lina wokhuta, waulesi. Panali wina amene ndinkamuganizira kuti ndi wamasiye, ndipo ndinkamuimba mwachifundo. Zonse zinkatuluka zobiriwira.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Patatha masabata angapo, Loweruka lina masana, alamu ananditengera pamalo ena odyera pafupi ndi siteji ya mabasi n'kundigulira chipsi mayai (chipsi chokazinga ndi mazira) ndi soda. Zimenezi sanachitepo chiyambire. Anatsegula kompyuta yawo n'kundionetsa chithunzi chodzaza timadontho tamitundumitundu.

"Kadontho kalikonse ndi udzudzu umodzi umene tajambula," anatero. "Makina amaika ofanana pamodzi. Awa ofiirawa ndi a malungo. Awa achikasuwa ndi ongosokosa. Tsono taonani apa."

Pakona penipeni, kutali ndi anzake onse, panali kagulu ka timadontho takuda, tokhatokha ngati anthu odzudzulidwa mumpingo.

"Awa makina sakuwadziwa. Akuti ndi udzudzu ndithu, koma sanaumvepo kwina kulikonse. Ndipo onsewa achokera nyumba imodzi." Anandigwira dzanja. "Nambala naini, alamu. M'chipinda cha amayi!"

Ndinasiya kutafuna chipsi.

Anafotokoza kuti akatswiri akhala akuopa kuti udzudzu wachilendo ungalowe mumzinda kudzera m'makontena a kudoko. Ngati uwu ndi womwewo, kapena mtundu wina watsopano, ndiye kuti buku lawo la digiri lapeza mutu. Zaka zinayi akhala akugona mochedwa, kudzuka m'bandakucha, anzawo akumanga nyumba iwo akuweta mphutsi za udzudzu m'mabeseni. Polankhula misozi inalengeza m'maso mwawo. "Mulungu sataya wake, alamu. Ndipo mwaupeza ndinu."

Pamenepo ndiye panali poulula. Ndikudziwa, musandiuze. Koma munthu angaulule bwanji m'kamwa muli chipsi cha eni ake? Ndinameza n'kunena kuti, "Tithokoze Mulungu."

"Lolemba mukaugwira musauphe. Mubwere nawo wamoyo."

Lolemba ndinawauza kuti unathawa. Lachiwiri unathawanso. Lachitatu ndinati unaboola neti. Alamu anafunsa kuti ukuoneka bwanji, ine ndinati ndi wakuda, wamtali pang'ono, wooneka wodandaula. "Ndi wochenjera kwambiri, alamu," ndinatero. Iwo analemba zimenezo m'kope.

Ndinaganiza zoupha udzudzuwo mwakachetechete. Sabata yathunthu sindinaimbe, ndinkangolemba kuti palibe. Mwatsoka sabata imeneyo mvula inadukiza, ndiye makina anaona kuti udzudzu wasowa pamodzi ndi mvula, ndipo alamu anati umboni wina ndi umenewu, chilombochi chimatsata nyengo. Koma nkhope yawo inagwa. Anasiya kudya bwino. Mayi a Mphatso anandiuza kuti achemwali awo akuonda. Ndiye mvula itabwerera, ine, chitsiru cha munthu, ndinapita kuthanki n'kukauukitsa udzudzuwo kwa akufa, kuti alamu asangalale.

Kenako ndinadwala chimfine. Ndinaimbabe, popeza ntchito ndi ntchito. Madzulo ake alamu anaimba foni akupuma mwabefu.

"Alamu! Kagulu kaja kagawika pawiri! Kwatuluka ena a mawu okulirapo. Ndikuganiza kuti tapeza aamuna ndi aakazi. Akuswana!"

Ndinayetsemula n'kunena kuti zoopsa.

Makina aja anapitiriza kufukula. Anapeza kuti udzudzu umenewu umalira kanthawi, n'kusiya pang'ono, n'kuyambiranso, nthawi zonse mofanana, ngati ukukoka mpweya. Anapezanso kuti Lolemba lililonse mawu ake amakhala otsika ndi osasa kusiyana ndi masiku ena (Lamulungu kwaya yathu imaimba mapemphero awiri). Alamu anakhala masiku akufufuza ngati Lolemba ku Kimara kumakhala chinyezi chosiyana. Ndikaganiza lero, makina amenewo sananame ngakhale kamodzi. Ananena kuti chinthuchi chimapuma, chimasasa mawu Lolemba, chinasintha liwu sabata ya chimfine. Ankandijambula ine pang'onopang'ono, kungoti panalibe amene anawafunsa ngati chinthucho chimavala nsapato.

Amene anavutika kwambiri ndi apongozi. Popeza ine ndinkangouthawitsa, alamu anayamba kuusaka okha Loweruka lililonse. Anagubuduza matiresi, kukhuthula sutikesi, kukutumula nsalu za amayi awo imodziimodzi. Udzudzu umene ankaupeza unali wamba, woimba nyimbo zodziwika. Mapeto ake anakayikira thumba la mfutso limene apongozi anabwera nalo kuchokera ku Dedza, kuti mwina chilombocho chikubisala mmenemo, ndipo analitengera ku labu.

Lolemba lotsatira, ndikumwa tiyi, apongozi anatembenukira kukhoma.

"Mfutso wanga wapita kusukulu," anatero. "Ine ndatsala ndi masamba a kuno a mchicha opanda fungo. Alipo ena amene akudziwa chifukwa chake."

Ndinauza chitseko kuti tiyi wakoma kwambiri, n'kutuluka. Ndipo kodi mukudziwa kumene ndinapita? Kuthanki.

Tsiku la tsoka silinunkha. Alamu anandiuza kuti alemba lipoti lodziwitsa akatswiri anzawo za udzudzu wachilendowo, dzina lawo lili pamwamba, ndipo litumizidwa Lachisanu. Koma Profesa anati lisanapite akufuna audzionere okha. Abwera Lachinayi m'mawa ndi zida zazikulu. Apa ndinadziwa kuti lipotilo likangochoka, n'kudzadziwika pambuyo pake kuti ndi bodza, dzina la alamu lathera pomwepo, ndipo digiri ija aiwale. Lachitatu madzulo ndinayesa kuyamba ndi mkazi wanga.

"Mayi a Mphatso, kodi munthu atanamiza makina, osati munthu, makina chabe, limenelo ndi tchimo?"

Anasiya kusenda anyezi. "Mwachita chiyani?"

"Ndikufunsira mnzanga."

"Mnzanuyo mumuuze kuti akalakwira achemwali anga asabwere kuno."

Ndinaona kuti nkhaniyo siikuyenda bwino ndipo ndinapita kukasita malaya.

Lachinayi, sikisi koloko isanakwane, galimoto yoyera inaima pa nambala naini. Munatuluka Profesa, bambo wamkulu thupi, wa imvi, Mtanzania wansangala, pamodzi ndi anthu awiri onyamula zida. Anabwera ndi maikolofoni yaitali ngati mpini wa khasu, yolumikiza ku kompyuta, ndi kaukonde kogwirira tizilombo. Anapereka moni waulemu wa shikamoo kwa apongozi, kenako anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Hongera, bwana!" anatero pondiyamikira. Alamu anawonjezera kuti Profesa akuti anthu akhama ngati ine ndi osowa. Ndinayang'ana pansi, iwo n'kumaona ngati ndi kudzichepetsa.

Onse analowa kuchipinda kwa apongozi. Ine ndinaima pakhomo.

"Lowani, alamu, mutionetse pamene umakonda kukhala."

"Umaopa anthu ambiri," ndinatero. "Ine ndilondera pano kuti usathawe."

Anatseka zenera theka, kuzimitsa mafoni, onse chete. Profesa anavala zomvera m'makutu n'kumayendetsa maikolofoni ija pang'onopang'ono, kunsi kwa bedi, kuseri kwa kabati, padenga. Mphindi khumi. Makumi awiri. Theka la ola. Kompyuta inangogwira udzudzu uwiri wamba. Profesa anayang'ana wotchi. Ine ndinayang'ana alamu, ndipo ndinaona manja atawapinda ngati akupemphera. Chisoni chinandigwira, chenicheni, chopweteka pamtima.

Tsono pano ndi pamene ndimalephera kudzifotokoza ngakhale kwa ine mwini. Munthu wina aliyense akanati, "Pepani, ndinanama." Ine mutu wanga unandiuza kuti: mayiyu akuvutika, kamuthandize. Ndinasuntha pang'onopang'ono, kudutsa pakhonde pamene apongozi anakhala, kuzungulira kuseri. Thanki ija ili pafupi ndi zenera la chipindacho. Ndinati ndingoimba kamodzi kokha, Profesa amve, akhutire, azipita, za Lachisanu tidzaziona Lachisanu. Ndinatsina mphuno, kulumanitsa mano, kukweza nsidze, kutsinzina, kuimirira ndi zala za kumapazi.

"Nyiiiiiiiiiiiii."

M'nyumba munamveka kompyuta ikulira, ndi mawu a alamu onong'ona mokweza, "Ndi umenewo! Ndi umenewo!" Mawu amenewo anandilowa ngati kuwomba m'manja kwa mpingo. Ndinakoka mpweya n'kubwereza. Ndinaimba wanjala uja. Ndinaimba wamasiye. Sindinaimbepo bwino chotero moyo wanga wonse. Vuto ndi lakuti liwu limenelo silituluka ndikapanda kutsinzina, ndiye sindinaone kuti maikolofoni ija imalondola kumene phokoso likuchokera. Sindinaone anthu anayi akutuluka m'nyumba monyang'ama, mondondozana, Profesa patsogolo.

Nditatsegula maso, maikolofoni inali pamphuno panga. Kumbuyo kwake kunali Profesa, kaukonde ali nako m'mwamba, kukamwa yasa. Kompyuta m'manja mwa alamu inkaonetsa kobiriwira.

Ndinasiya mphuno. Ndinatsika pa zala za kumapazi. Ndinati, "Mwadzuka bwanji nonse?"

Kunangomveka ndodo, go, go, go. Apongozi anatulukira pakona, nayima, nayang'ana thanki (ngakhale pa tsiku lotere sanandiyang'ane ine, anthu aulemu amenewa).

"Tadala," anatero, "uwauze achikulirewa kuti udzudzu umenewu ine ndimaudziwa. Umabwera ndi basi ya m'mawa. Umamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga. Unakwatira mng'ono wako."

Profesa anatembenukira kwa alamu n'kufunsa chimene amayiwo anena. "Mama anasema nini?"

Ndipo alamu anga, mayi wophunzira, anayenera kumasulira mawu amenewo m'Chiswahili, limodzilimodzi, mpaka masupuni atatuwo. Profesa anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako mimba yawo inayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anakhala pansi pa ndowa yovundikira, misozi ili chuchuchu, akuloza ine, kuloza kompyuta, kulozanso ine. Anthu awo awiri aja anathawira kuseri kwa galimoto kukasekera kumeneko.

Alamu sanaseke. Anatseka kompyuta pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana, ndipo bola akanandimenya.

"Lipoti limapita mawa, alamu. Mawa. Dzina langa lili pamwamba. Mukanandisiya nditumize?"

Mpaka lero funso limenelo limandiluma kuposa udzudzu wonse wa ku Kimara.

"Bwanji simunanene kuti simungalowe?"

"Ndinanena, alamu. Munati sayansi ilibe apongozi."

"Ndiye munaona kuti njira yabwino n'kusanduka udzudzu?" Anatembenukira kwa amayi awo. "Nanga inu amayi, mumadziwa nthawi yonseyi? Osandiuza?"

"Ine ndineneze mkamwini?" anatero apongozi. "Munthu amene wakana kulowa kuchipinda kwanga ngakhale mukumukakamiza ndi makina? Ndiponso unandifunsa liti? Umafunsa kompyuta. Ine ndimamva nyimbo zimenezi m'mawa uliwonse pazenera, mwina ndimathandizira ndi phazi. Tsono mfutso wanga ubwere."

Zotsatira zake sizinali zoseketsa. Popeza wonama kamodzi samukhulupiriranso, zonse zimene ndinajambula, ngakhale za nyumba khumi ndi imodzi zimene ndinakwawa moona mtima, zinatayidwa. Alamu anayambiranso, ndipo maphunziro awo anachedwa ndi theka la chaka. Miyezi iwiri sanandilankhule. Kunyumba ndinkadya chakudya chozizira, choperekedwa mopanda mawu. Ndinapita kukapepesa katatu, ulendo wachitatu ndi nkhuku, ndipo anailandira nkhukuyo asanandilandire ine.

Amene anandipatsa chilango chenicheni ndi Profesa. Anati ngati munthu mmodzi wa kwaya wapusitsa makina kwa miyezi, ndiye kuti makinawo ali ndi bowo, ndipo wodziwa bowolo ndi amene alitseke. Anandiika m'kachipinda kotsekedwa ku labu, maikolofoni patsogolo, ophunzira akuonerera pagalasi, ndipo kwa masabata awiri ndinaimba udzudzu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wanjala, wokhuta, wamasiye, wa Lolemba. Anadikira mpaka ndidwalenso chimfine kuti ajambule ndi wamwamuna yemwe. Zonsezo anazipereka kumakina kuti aphunzire kusiyanitsa udzudzu ndi munthu wonamizira. Alamu akuti mawu angawo tsopano ali m'nkhokwe imene ofufuza a m'maiko ena amatapamo. Anthu ena amatchuka ndi mpira, ena ndi ndale. Ine kulikonse kumene makinawo akufuna chitsanzo cha wabodza, amamvetsera ine.

Nkhani imeneyi inasanduka mutu wathunthu m'buku la alamu, ndipo akuti oyesa mayeso anaukonda kuposa mitu ina yonse. Digiri anailandira. (Ndikawauza kuti ndiye kuti ndinawathandiza, amandiyang'ana mpaka ndimasintha nkhani.) Tsiku la chikondwerero anandipatsa foni yawo kuti ndiyesenso pamaso pa alendo. Ndinatsina mphuno, kukweza nsidze, kuchita zonse. Ndisanafike n'komwe pakati, kofiira.

Nanga udzudzu wa pa nambala naini, pa ulendo wachiwiriwo, anagwira ndani? Apongozi. Tsiku loyamba lobwereza ntchito (alamu anali atandilembanso nditapepesa), apongoziwo anauza khoma kuti, "Kapaipi kaja katasiyidwa pakhomo, mwina wina angathe kukagwiritsa ntchito." Ndinakasiya. Patatha mphindi zochepa chitseko chinatseguka pang'ono, dzanja linatuluka n'kuika pansi kapu yodzaza udzudzu weniweni, wonenepa. Anachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi bondo lomwelo, ndipo sanamezepo ngakhale umodzi. Ndikanangopempha chitseko tsiku loyamba lija, nkhani yonseyi sikanakhalapo. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya udzudzu utatu ndi chipsi chosayenera.

Apongozi anabwerera ku Dedza chaka chatha, bondo litapola. Tsiku lonyamuka, galimoto ikudikira panja, alamu anakuwa ali kukhitchini, "Alamu, tatengani sutikesi ya amayi kuchipindako, nthawi yatha!" Ndinayenda mpaka pakhomo lija. Ndinagwira chotsegulira. Mpango unali utachoka pamsomali, bedi linali loyalula, m'chipindamo munalibe kanthu koma sutikesi yokha pakati. Ndinapita kukatenga ndodo yokolopera, n'kuikoka sutikesiyo ndili panja.

"Koma alamu, mpaka lero?" anatero alamu atandipeza.

Ndinawauza kuti sayansi mwina ilibe apongozi, koma ine ndili nawo.